Kufulula lager popanda firiji yaikulu

Aliyense amene wayamba kufulula mowa wa balere kunyumba sachedwa kukumana ndi lamulo ili lokhudza mitundu iwiri ikuluikulu ya mowawu, ale ndi lager: ale ingawire m'chipinda wamba, koma lager musayerekeze ngati mulibe firiji yoti ndowa yonse ilowemo. Mabuku amati yisiti ya lager imafuna madigiri 8 mpaka 13 kwa milungu iwiri kapena itatu, kenako mwezi wina kapena iwiri pamalo ozizira pafupifupi poundanira madzi. Munthu ukawerenga zimenezo, n'kuyang'ana ndowa yako ya malita 20 m'chipinda chomwe themomita ikuonetsa 19, umangotseka buku n'kukagula yisiti ya ale. Ndikudziwa anthu aluso kwambiri pa zofulula amene sanalawepo lager ya manja awo chifukwa cha lamulo limeneli, ndipo zimandiwawa, chifukwa lamulolo ndi loona theka lokha.

Lager yanga imawira pa madigiri 17 mpaka 19. Ndimathira yisiti youma ya W-34/70, ndipo chotuluka m'botolo ndi mowa woyera m'kamwa, wopanda fungo la zipatso, woti ukameza kumangotsala kukoma kwa chimera ndi kuwawa kwa hops, timaluwa tothira mu mowa kuti uwawe ndi kununkhira. Kutentha kuli ndi kanthu, kwambirinso, koma kwa masiku ochepa okha, ndipo masikuwo munthu angathe kuwalamulira ndi beseni la madzi, thaulo ndi fani.

Kuzizira kumene timakuopaku kuli ndi mbiri yake. Ku Bavaria, dera la ku Germany, mu 1553, wolamulira wa kumeneko Albrecht V analetsa kufulula mowa m'nyengo yotentha, kuyambira pa 23 Epulo mpaka pa 29 Seputembala. Mowa wa miyezi imeneyo unkasasa kawirikawiri, ndipo panthawiyo panalibe wodziwa za mabakiteriya. Ofulula anayamba kugwira ntchito m'miyezi yozizira yokha, migolo n'kumaisunga m'mapanga ndi m'zipinda za pansi pa nthaka, mwina ataunjikamo madzi oundana odulidwa m'mayiwe. M'malo otero, yisiti yopirira kuzizira ndi imene inkapulumuka n'kuchulukana, chaka ndi chaka. Ntchito imodzi ya kuzizirako inali kutchinjiriza mowa ku tizilombo towononga. Ife lero tili ndi mankhwala otsukira ziwiya, komanso yisiti ya mtundu umodzi yosasakanikirana ndi zina, chinthu chimene Emil Christian Hansen anayambitsa ku fakitale ya mowa ya Carlsberg, mumzinda wa Copenhagen, mu 1883. Chifukwa chimenecho chinatha mphamvu. Chotsala ndi cha kakomedwe, ndipo pamenepo m'pofunika kuidziwa bwino yisitiyo.

Yisiti ya lager, Saccharomyces pastorianus, ndi haibulidi. Kholo lake limodzi ndi Saccharomyces cerevisiae, yomweyi ya ale ndi buledi, yokonda kufunda. Kholo linalo linasowa kwa zaka zambiri. Akatswiri ankaona majini ake mkati mwa yisiti ya lager koma osalipeza paliponse m'chilengedwe, mpaka mu 2011 pamene Diego Libkind ndi anzake analengeza kuti alipeza m'nkhalango zozizira za ku Patagonia, pamitengo ya mtundu wa Nothofagus. Analitcha Saccharomyces eubayanus. Pambuyo pake linapezekanso ku Tibet, ndipo mu 2022 ku Ireland. Kupirira kuzizira kunachokera kwa limeneli. Koma magazi a kholo lokonda kufunda lija sanathe ayi. Yisiti ya lager imatha kugwira ntchito pa madigiri 10, inde, komabe ikapeza 20 kapena 25 imachulukana mwachangu kuposa pamenepo. Ofulula akafuna kuichulukitsa m'kabotolo asanaithire mu mowa, amatero m'chipinda chofunda, ndipo palibe amene amadabwa nazo. Imagonja kutentha kukayandikira 34. Pa 37 siimera n'komwe pamene ya ale imamera, ndipo umo ndi momwe a m'malabotale amazisiyanitsira.

Yisiti za lager nazonso sizofanana. Zili m'magulu awiri, la Saaz ndi la Frohberg. Za Saaz zinatengera kwambiri eubayanus: zimapirira kuzizira koposa, koma zimavutika kudya shuga wina wa m'chimera wotchedwa maltotriose. Za Frohberg zinasunga majini ambiri a cerevisiae, ndipo ndi zimene mafakitale ambiri a mowa akugwiritsa ntchito masiku ano. W-34/70, yochokera ku Weihenstephan kufupi ndi Munich, ndi ya Frohberg, ndipo mwa zonse zimene ndaziyesa pofunda iyi ndiyo yoleza mtima. Yisiti ina ya lager, S-23, mwachitsanzo, eni ake amanena okha kuti imapereka kafungo ka zipatso, ndiye mukaifunditsa musadabwe kafungoko kakakula. Munthu akakuuzani kuti "lager pofunda imatheka" kapena "siitheka", muyambe mwamufunsa kuti anathira yisiti iti.

Si ife oyamba kuchita zimenezi. Golide atapezeka ku California mu 1848, anthu anakhamukira ku San Francisco, ndipo pakati pawo panali Ajeremani odziwa kufulula lager. Madzi oundana kumeneko anali osowa ndiponso odula, ndipo makina oziziritsa a Carl von Linde anali asanabwere, popeza anayamba kulowa m'mafakitale a mowa a ku Munich m'ma 1870. Ankathira mowa m'ziwiya zotakata koma zosazama, kuti kutentha kuzithawa msanga ndi mphepo yozizira ya kunyanja, yisiti ya lager n'kumawira pa kutentha koyandikira kwa ale. Mowawo unkatchedwa steam beer, wotchipa, wa anthu a ntchito zathukuta. Fakitale ya Anchor, yomwe inatenga dzinali mu 1896 n'kudzapulumutsidwa ndi Fritz Maytag mu 1965, ndi imene inausunga kuti usazimirike, ndipo ofulula kunyumba amaudziwa ndi dzina loti California Common. Yisiti ya mowa umenewu imagulitsidwa. Ya kampani ya Wyeast, ya nambala 2112, amailembera madigiri 14 mpaka 20. Chimene chimandikoka m'nkhani yonseyi ndi ziwiya zosazamazo. Anthu aja anali ataona pamene pagona vuto: mowa ukamawira umadzitenthetsa wokha.

Ambiri amene amati anayesa lager pofunda n'kutuluka yonunkha amagwera pamenepa. Amayeza chipinda. Yisiti ikamadya shuga imatulutsa kutentha, ndipo pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu, thovu litakwera, mkati mwa ndowa ya pulasitiki mungatenthe madigiri 3, 4, ngakhale 5 kuposa mpweya wa kunja. Chipinda cha 21 chimabereka mowa wa 25. Ndipo moto wake umadzikoleza wokha: kukafunda yisiti imathamanga, ikathamanga imatenthetsanso. Ine themomita ndimaimata ndi tepi pakhoma la ndowa, m'munsi mwa pamene mowa walekeza, n'kuiphimba ndi kansalu kopindapinda kuti isamve mpweya wa m'chipinda. Madigiri onse a mowa wowira amene ndikutchula muno ndi a pamenepo.

Masiku oyambirira ndi ofunika chonchi chifukwa fungo limene timaliopa limapangika pamene yisiti ikuchulukana. Pomanga maselo atsopano imaphwanya ma amino acid a m'madzi a chimera, ndipo zotsalira zake zimasanduka ma fusel alcohol, aja owotcha pakhosi. Ena mwa iwo amagwirana ndi asidi n'kupanga ma ester. Isoamyl acetate amanunkhira nthochi. Ethyl acetate akachuluka amanunkha mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo. Mu mowa wa tirigu wa ku Bavaria nthochiyo ndi ulemu wake, koma mu lager ndi chilema. Kutentha kumachulukitsa zonsezi, ndipo zikapangika sizichoka: sungani mowawo miyezi ingati, kuwotcha kwa fusel kudzakhalapobe. Koma yisiti ikamaliza kuchulukana, patatha masiku atatu kapena anayi, zambiri za fungozi zimakhala zitapangika kale kapena zitapeweka kale. Kuchokera pamenepo kufunda kumayamba kutithandiza.

Ndiye ndimachita chonchi. Ndikamaliza kubwatitsa madzi a chimera ndi hops, ndimawaziziritsa mpaka atsike kupitirira pamene ndikufuna kuti awirire, 14 kapena 15 ngati zingatheke, ngakhale pafunike kusiya ndowa yotseka bwino m'madzi usiku wonse, yisiti n'kudzathira m'mawa. Kuthira yisiti m'madzi a madigiri 25 poyembekezera kuti azizira okha n'kuipatsa kutentha pa maola omwewo amene imachulukana kwambiri. Ndowayo imakhala m'beseni lalikulu, madzi atafika m'chiuno mwake. Madzi ambiri sasintha msanga, choncho amameza kutentha kochokera kwa yisiti, komanso amafafaniza kusiyana kwa usana ndi usiku. Pamwamba ndimafunditsa thaulo lomwe nsonga zake zamira m'madzimo, fani n'kumaliwomba. Madzi akamauma pathaulopo amapita ndi kutentha, monga thukuta limachitira pathupi. Kumene mpweya uli wouma njira imeneyi imatsitsa madigiri angapo. Kumene kuli chinyezi chambiri imathandiza pang'ono chabe, ndipo zikatero mabotolo apulasitiki a madzi oundana ndiwo amagwira ntchito, lina m'mawa, lina madzulo. Musawaponyemo ambiri nthawi imodzi. Kutsika kwadzidzidzi kungakhazike yisiti pansi ntchito isanathe, ndipo 18 wokhazikika ndi wabwino kuposa kukwera ndi kutsika pakati pa 12 ndi 22.

Pa yisiti sindiumira. Muyezo wa ofulula lager ndi maselo 1.5 miliyoni pa mililita iliyonse pa digiri iliyonse ya Plato (muyezo wa shuga wa m'madzi a chimera), kuwirikiza kawiri muyezo wa ale. Pa malita 20 oonetsa 1.048 pa hydrometer (kachida koyezera shugayo), omwe ndi pafupifupi 12 Plato, zimenezo zikupereka maselo 360 biliyoni. Opanga W-34/70 amalangiza magalamu 80 mpaka 120 pa malita 100, kutanthauza mapaketi awiri a magalamu 11.5 pa ndowa yathuyi. Ena amati pofunda paketi imodzi ikwanira popeza yisiti ichulukana yokha mwachangu. Ichulukanadi, ndipo mowa uwira mpaka kumapeto. Koma kuchulukanako ndi kumene kumabala ma ester ndi ma fusel aja. Yisiti ikayamba ili yambiri, selo lililonse limagawikana kochepa. Ine ndimathira awiri ndipo sindisintha. Yoposa zonse ndi nsenga za lager yapitayo, zotapidwa pansi pa ndowa ndi chiwiya choyera bwino n'kusungidwa pozizira masiku ochepa. Zimenezo zimadzuka m'maola ochepa, ndipo mowa wachiwiri nthawi zambiri umandikomera kuposa woyamba.

Pali zinthu ziwiri zimene kufunda kumachita bwino kuposa kuzizira, ndipo sizikambidwa mokwanira. China ndi sulufule. Yisiti ya lager imatulutsa hydrogen sulphide, ndipo munthu wongoyamba kumene akamva fungo la mazira ovunda pa kachubu kotulukira mpweya, mtima umagwa. Musataye mowawo. Carbon dioxide akamakwera amanyamula fungolo n'kutuluka nalo, ndipo pofunda amakwera mwamphamvu, choncho sulufuleyo amatha msanga.

Chinacho ndi diacetyl, fungo la batala lija losiya lilime lili loterera. Mmene limabwerera n'zochititsa chidwi. Yisiti ikamapanga amino acid wotchedwa valine, kachinthu kena kapanjira, alpha-acetolactate, kamatayikira kunja kwa selo. Kameneka sikanunkha. Kali kunjako kamasintha pang'onopang'ono n'kukhala diacetyl, ndiyeno yisiti yamoyo imamumeza n'kumusandutsa zinthu zomwe mphuno sizimva. Kusintha koyamba kuja kumachedwa kwambiri pozizira, n'chifukwa chake ofulula pa madigiri 10 amakweza kutentha kufika 16 kapena 18 kwa masiku awiri kapena atatu chakumapeto. Ife a 18 tili kale pamenepo. Ine thovu likayamba kugwa ndimangochotsa thaulo n'kuzimitsa fani, mowa ukwere wokha kufika 20 kapena 21.

Kuwira msanga kuli ndi msampha wake. Hydrometer ingaonetse 1.010 sabata isanathe, munthu n'kuthamangira mabotolo. Shuga watha, mphamvu ya mowa yafika pafupifupi 5 peresenti, koma alpha-acetolactate angakhale adakalimo mwakachetechete, kudikira kudzasanduka batala mtsogolo. Kuyeza kwake n'kosavuta. Tungani mowa pang'ono m'makapu awiri. Imodzi muivundikire n'kuikhazika m'madzi otentha madigiri 60 mpaka 70 kwa mphindi 15 kapena 20, muiziziritse, kenako nunkhizani zonse ziwiri. Kutenthako kumakakamiza kusintha kuja kuchitika pompo. Yotenthetsedwayo ikamveka batala, mowa ukhalebe pa yisiti yake masiku ena. Ine lager sindiichotsa pa nsenga zake milungu iwiri isanakwane, hydrometer iime kalekale bwanji.

Chilipo chimene beseni ndi thaulo sizingapereke. Lager yongotuluka m'ndowa yofunda imakhala yambuu, ya kafungo ka yisiti, mwinanso ndi kakomedwe ka apulo wosapsa kochokera ku acetaldehyde. W-34/70 imamira bwino ndithu, koma timapuloteni ndi ma polyphenol ochokera m'makoko a balere ndi m'hops timagwirana n'kumira pokhapokha kukazizira kwenikweni. Kusalala kwa lager yabwino, kuja koti chikho chimatha osazindikira, ine ndimaona kuti kumachokera pano kwambiri kuposa pa kutentha kowirira. Mwayi wake, kuzizira kumeneku sikufuna kuti ndowa ilowe mufiriji. Thirani mowa m'mabotolo ndi shuga woyezedwa, akhale pa madigiri 20 milungu iwiri kapena itatu kuti mpweya ukwane, kenako muziwalowetsa ochepaochepa mufiriji wamba, ataimirira, kwa milungu itatu kapena inayi. Botolo la sabata yoyamba ndi la sabata yachinayi simungakhulupirire kuti anachokera m'ndowa imodzi. Dongosololi lisatembenuzike: mukayamba ndi firiji, yisiti imachita ulesi ndipo mpweya umachedwa kwambiri.

Malire alipo. Mpaka 20, ndi W-34/70, sindida nkhawa. Pakati pa 21 ndi 23 ndimamva kusintha, makamaka mu mowa wopepuka ngati helles umene ulibe pobisala. Mu mitundu ya lager yotchedwa Vienna kapena dunkel, momwe chimera chili ndi mawu aakulu, kapena mu California Common ya hops wa mtundu wa Northern Brewer, kafungo kochepa kamamira. Wongoyamba ndingamulozere kumeneko. Kupitirira 25 mowa umamweka, koma zimene ndimafuna mu lager zimakhala zitapita. Amene chipinda chake sichitsika pansi pa 28 ngakhale usiku, ndingamulangize kuti asaizunze yisiti ya lager. Pali kveik, yisiti za m'mafamu a kumadzulo kwa Norway zimene zimawira pa 30 mpaka 40, ndipo zina mwa izo n'zoyera ndithu m'kamwa. Ndi za mtundu wa cerevisiae, ndipo kasulufule kochepa kaja ka lager, komwe ine ndimakakonda, sizipereka, komabe pa kutentha kumeneko zimatulutsa mowa wabwino kuposa yisiti ya lager yopanikizika.

Njira ina ndi pulesha. Mafakitale aakulu amawiritsa lager m'matanki aatali, momwe kulemera kwa mowa ndi carbon dioxide wosungunukiramo zimabweza kuchulukana kwa yisiti n'kuchepetsa ma ester, ndiye amatha kukweza kutentha n'kufupikitsa masiku. Kunyumba anthu amatengera nzeru imeneyi ndi keg (kamgolo ka mowa) yachitsulo kapena chigubu chopangidwira pulesha, chokhala ndi valavu yotulutsa mpweya ukapitirira pafupifupi bar imodzi. Zimathandizadi, ndipo mowa umatuluka uli ndi mpweya kale. Koma chonde, musayese zimenezi m'botolo lalikulu lagalasi kapena m'ndowa wamba yotsekedwa mwamphamvu. Galasi likaphulika limavulaza koopsa.

Mkangano woti mowa wotere ndi lager yeniyeni kapena ayi umanditopetsa. Funso labwino n'loti kodi pakamwa pamasiyanitsa, ndipo limeneli lingayankhidwe. Gawani madzi a chimera amodzi m'zigubu ziwiri, yisiti yofanana, china chikawire kwa mnzanu amene ali ndi firiji yaikulu, china chikhale m'beseni. Zikapsa, wina athire makapu atatu osaoneka mkati, awiri a chigubu chimodzi ndi imodzi ya chinacho, inu muloze yosiyanayo. Kungolota kumakupatsani mwayi umodzi pa itatu, choncho pamafunika olawa ambiri kapena kubwereza kangapo musanayambe kukhulupirira lilime lanu. Ofulula a webusaiti ya Brülosophy ku America anachita mayeso otere ndi 34/70, ndipo kangapo olawa awo analephera kusiyanitsa wowira pozizira ndi wowira pofunda. Zimenezi sizikusonyeza kuti mowawo ndi wofanana ndendende. Zikungosonyeza kuti kusiyanako kungachepe mpaka anthu ambiri osakumva. Kwa ine, mabotolo akadali atsopano, wowira pozizira ndimauzindikira ndi kafungo ka machesi ongoyatsidwa kumene, pamene wa m'beseni umakhala wofewa pang'ono pamphuno. Onse akakhala mwezi mufiriji, ndikaloza kapu yolondola zimakhala za mwayi.